Mbiri ya a Ezekiel Njobvu, Amene Anamwalira Manja Ali Omangidwa

Malemu a Ezekiel Njobvu sankatha kukhala manja ali chete. Akabwera kudzacheza, moni usanathe amakhala atagwedeza kale mpando umene mwawapatsa, ndipo ukalira amatulutsa kanyundo m'thumba la jekete. Ambiri muli pano munakonzeredwa mipando musanapemphe.

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi anansi, ine ndine Helen Njobvu, mlongo wawo wotsiriza.

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1922 ku Katete. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni mpaka Sitandade 4, kenaka anaphunzira ukalipentala. Mu 1947 anabwera ku Lusaka nakhala mu Kabwata, ndipo sanasamukemo. Mu 1950 anamanga ukwati ndi mayi Rhoda Mvula mu mpingo wa Reformed. Anagwira ntchito ya matabwa m'boma, la atsamunda ndi lathu lomwe, mpaka anapuma mu 1977. Mabenchi mwakhalapowa ndi a manja awo.

Mu Januwale chaka chino cha 1986 maso awo anasanduka achikasu, mimba n'kutupa. Kuchipatala anawaona ndi ba Dokotala Chibesa, a matenda a m'kati mwa thupi. Iwo anatiitana ife a banja natiuza mosazungulira kuti ndi khansa ya chiwindi, yafalikira, palibe opaleshoni kapena mankhwala oichiza. Anati chotsala n'kuwauza mwini wake, kuwapatsa mankhwala amphamvu oletsa ululu, n'kuwatengera kunyumba akagone pafupi ndi akazi awo.

Mwana wawo woyamba, a Spencer a ku Kabulonga, anakana. Anafunsa kuti anzawo a ku ofesi ndi a Chipani adzati chiyani akamva kuti bambo awo akufera m'kanyumba ka mu Kabwata. Mng'ono wawo, a Edmond, anati mankhwala amphamvuwo ndi aja omalizitsa munthu, asawapatse. Dokotala anafotokoza kawiri kuti mankhwalawo sapha, amangotonthoza ululu. Sanamveredwe. Malemu anauzidwa kuti ali ndi zilonda za m'mimba. Ine nditati ndikawauza ndekha, anandikumbutsa kuti azakhali alibe mawu pa ana a mwini, ndipo pakhomo la wodi anauzidwa kuti asandilowetse.

Anawaika m'chipinda cha payekha, cha anthu olemekezeka. Munali maluwa, munali zakumwa za m'mabotolo zimene sankatha kumeza. Alamu anga a Rhoda ankaloledwa pa nthawi yoona odwala basi, belu likalira n'kutuluka. Malemu atasiya kudya, anawalowetsa kapaipi m'mphuno. Iwo anakazula. Anabwezera, anazulanso. Pamenepo ana awo anavomera kuti manja awo amangidwe ndi mabandeji ku zitsulo za bedi.

Nesi wina, a Emmy, anandilowetsa mobisa sabata yotsiriza. Ndinapeza alongo anga akubuula mpaka kumveka panja, m'mikono muli mikwingwirima. Anali asakuzindikiranso bwino anthu. Ankangofunsa kuti awamasula liti, pakuti chitseko cha tchalitchi anachisiya chosapala. Munthu amene anaphunzitsa ana asanu ndi manja awo sanapatsidwe mpata wotsazika ngakhale mmodzi. Anamwalira m'mawa wa pa 14 Epulo, ali okha, manja ali omangidwa.

Lero bokosi ndi lonyezimira, magalimoto adzaza msewu. A ku ofesi aona, a Chipani aona. Ndikhulupirira kuti a Spencer akhutira. Bokosilo ndaliyang'ana m'makona. Mwini wake akadalibweza.

Malemu asiya akazi awo, mayi Rhoda. Ana asanu, Spencer, Edmond, Petronella, Keziah ndi Gilson. Ndi adzukulu khumi ndi mmodzi. Tithokoza ba Dokotala Chibesa chifukwa chonena zoona, a nesi Emmy amene ankawanyowetsa milomo ndi thonje, ndi amayi a Chigwirizano a mu Kabwata amene sanawasiye alamu anga okha. Alongo anga, mwamasuka tsopano. Usani mumtendere.

Katsala kamodzi, ndipo alamu anga andilola kukanena. Mwaona miyendo yawo mmene yatupira. Dokotala yemweyo anapeza kuti mtima wawo watopa ndipo sudzachira. Ana akhala akudziwa kuyambira Febuluwale; a Rhoda ankauzidwa kuti n'kuima kwambiri. Chipinda chija chapemphedwanso kale. Lachitatu ndinawakhazika pansi n'kuwauza zonse. Sanakomoke. Anafunsa za mankhwala oletsa ululu, anafunsa ngati kwathu kuli malo, kenaka anapempha chikwama.

Ndikudziwa kuti namfedwa sachoka panyumba anthu asanamete. Akulu mutikhululukire, malumo mukatipeze nawo kwathu ku Chelstone. Tikachoka kumanda, a Rhoda akwera nane minibasi. Ana amene akufuna kuona amayi awo abwere nthawi iliyonse, kwathu kulibe belu. Chikwama anachimanga okha, ndipo chili pansi pa benchi langa.