Manja a Malume Isake Atatopa

Ine, Lines Namakhwa, wa zaka 31, wa m'mudzi mwa Namputu, wothyola tiyi, ndikunena izi:

Lachiwiri m'mawa amuna anga Austin, a kabaza wa njinga yamoto, anagundidwa ndi lole pa Chonde. Ndinawapeza kuchipatala ali chikomokere, mutu utatupa, akulephera kupuma okha. Adokotala anawaunika m'maso ndi tochi, kenako anawatsina pachala. Dzanja linasuntha. Anati chiyembekezo chilipo akaikidwa pa makina opumira ku Blantyre, koma akadzuka mwina sadzayendanso kapena kulankhula. Makinawo onse anali ndi odwala. Podikira, anawalowetsa kapaipi kukhosi, ndipo anamwino anandiphunzitsa kufinya mpira wopopera mpweya. Anandichenjeza kuti ndikangosiya, munthu wapita.

Ndinafinya ndekha mpaka zala zinauma.

Masana kunabwera a Isake, malume a amuna anga. Austin ndi mkamwini kwathu, ndiye mwinimbumba wawo ndi a Isakewo. Atamva zonena za adokotala, sanayang'ane n'komwe wodwalayo. Anati, "Mkamwini akapuwala amabwezedwa kwawo. Ndiye mudzatitulire ife munthu wodziipitsira pamphasa?"

Ndinati, "Apongozi, ndidzawasamala ndekha."

Anaseka. Anati, "Nonse mumatero."

Kenako anasintha mawu, nkuyamba zondimvera chisoni. Anati nditambasuleko manja, ndikamweko madzi, iwo afinyako. Ndinawaonetsa kafinyidwe kake, anachita bwinobwino. Ine chitsiru ndinawathokoza.

Mpopi uli kuseri kwa wodi, si patali. Ndinamwa, ndinasukusula kumaso, nkubwerera. Ndinapeza mpira uli pabedi, a Isake atapinda manja pachifuwa. Milomo ya amuna anga inali itada. Ndinakuwa, ndinagwira mpira nkuyamba kufinya. Anamwino anathamangira kuchokera ku wodi ina, anayesetsa, zinakanika.

Atawafunsa, a Isake anati, "Manja anatopa. Ndine nkhalamba ine."

Munthu ameneyu amaswa miyala pa Chinakanaka tsiku lililonse.

Tisanawafunditse nsalu amuna anga, kunalowa dalaivala wa ambulansi, akuti ku Blantyre makina apezeka, tinyamule wodwala. A Isake anaimirira, anakonza chipewa, nkumuuza kuti, "Mwafika bwino achimwene. Mungotiperekeza ndi malirowa kwathu."

Zimene ndinaona ndi kumva ndekha ndi zomwezi.

Wosaina: Lines Namakhwa