A Bizweki ndi Intavyu ya Pachulu

A hedi, a wapampando wa komiti ya sukulu, mafumu athu a kuno kwa Mwambo, mayi Bizweki ndi ana, aphunzitsi anzanga, ndakulonjerani nonse. Ine ndine mayi Medson, wa masamu uja.

A Bizweki, lero pamene mukupuma pa ntchito, wolankhula ndi ine. Inu khalani phee!

Bambo awa atangofika kudzaphunzitsa sayansi, anapeza wailesi ya sukulu ikulira bwinobwino. Iwo akuti, "Imeneyi ili ndi chimfine." Anaimasula. Mpaka lero sinalankhulenso! Ndiye tinaphunzira: foni yako ikangotsokomola, ibise a Bizweki asanamve.

Koma tamverani izi. Mukumukumbukira Malita wa ku Chisi, ankabwera kuno pabwato uja? Anakafika ku yunivesite, n'kumaphunzira uinjiniya wa zamagetsi. Chaka chatha kampani ina yakunja, yopanga tizipangizo ting'onoting'ono toyendetsa mafoni ndi makompyuta, inamuitana ku intavyu ya pa intaneti. Akakhoza, akaphunzire ntchito komweko. Tsoka ilo, tsikulo linagwera pa holide, mwana ali kumudzi, mvula itadula msewu wa ku Zomba. Anafika kuno kwa a Bizweki maso ali psuu.

"Aphunzitsi, ndingowauza kuti sinditha."

"Ugonje usanalowe m'bwalo? Khala pansi apo!"

Kuyambira pamenepo a Bizweki anasanduka bwana wa kampani. Jekete, tayi, Chingerezi cha m'mphuno. "Tatiuzeni, thiranzisita imagwira ntchito bwanji?" Mwana akayankha monyinyirika, iwo, "Kuno kunja sitikumva, kwezani mawu!"

Tsiku lija litafika, magetsi zii. Netiweki nayo inkapezeka pamwamba pa chulu chakuseri kwa labu basi. A Bizweki anazula batire ya njinga yamoto ya a hedi. Sanapemphe. A hedi, mwadziwa lero chimene munakwerera kabaza tsiku lija! Analumikiza laputopu, desiki n'kulikweza pachulu. Malita wakhala, iwo aima kumbuyo, agwira ambulera, mvula ikugwa.

Mafunso anayamba. Mwana akuyankha bwino, koma pakamwa pa a Bizweki pakuyabwa. Basi anayamba kunong'ona mayankho. Malita anacheuka.

"Aphunzitsi, chonde, intavyuyi ndi yanga!"

Mabwana a kampani ija kuseka. Kenako anafunsa kuti bamboyo ndani.

"Ndi amene anandigwiritsa waya koyamba, anzanga akuti zimenezo n'za anyamata."

Ine ndinali m'munsi mwa chulu, ndinaona. A Bizweki anatembenukira kunyanja, misozi ili mbwe. Jekete lonse linali litanyowa, koma pa mwanayo sipanagwe dontho.

Malita kampani ija inamutenga. Pano tikunena pano ali komweko.

A Bizweki, ana otere mwawatulutsa ambiri. Ena akukonza masola ku Songani, ena ndi manesi, ena akuphunzitsa pompano. Mukanafuna mukanathawira m'tauni kalekale, koma munakhala nafe m'matope muno. Mwana akati sangathe, inu simunkavomera. Ifenso anzanu tikafooka, munkatidzutsa chimodzimodzi. Zikomo, bambo. Mayi Bizweki, zikomo potibwereka amuna anu zaka zonsezi. Lero tikukubwezerani, ali ndi imvi koma ngamphumphu.

Pitani mukapume. Belu likalira m'mawa, inu mukatembenuke n'kugonanso. Mulungu akupatseni moyo wautali, mudye mpunga wa m'munda mwanu pamodzi ndi zidzukulu.

Anzanga, tiyeni tonse tiimirire. Amayi, nthungululu zimveke mpaka ku Chisi. Tiwaombere m'manja a Bizweki!