Mapiritsi a M'botolo Limodzi

Pamalo odikirira basi kunja kwa chipatala, mayi wina ankangoyang'ana bambo wachikulire amene anathira mapiritsi a m'mabotolo awiri m'botolo limodzi n'kumakhutchumula.

"Pepani bambo, kodi mankhwala amasakaniza chonchi?"

"Ndi a kafukufuku wa nyamakazi awa, mayi. Tinalowamo tonse, ine ndi akazi anga. Anatiuza kuti ena alandira mankhwala enieni, ena alandira ongofanana nawo, opanda kanthu m'kati."

"Opanda kanthu? Nanga anuwo ndi ati?"

"Sindikudziwa."

"Osawafunsa adokotala bwanji?"

"Nawonso akuti sakudziwa."

"Aa! Dokotala osadziwa chimene akupereka? Ndiye akudziwa ndani?"

"Akuti kompyuta. Pomaliza adzaona amene achira, ndiye adzadziwa ngati mankhwalawo ali ndi mphamvu."

"Nanga mukamasakaniza chonchi adzaona bwanji?"

"Zimenezo n'zawo. Akazi anga mawondo ankawalepheretsa ngakhale kutsika pakhonde. Nanga zitapezeka kuti ine ndikumwa enieni, iwo akumeza ufa? Bola tigawane."

"Nanga ngati mabotolo onse awiri ali a ufawo?"

Bamboyo anasiya kukhutchumula.

"Zingatheke zimenezo?"

"Kaya, inetu ndangozimva kwa inu pompano. Koma mukupezako bwino?"

"Tonse awiri, pang'onopang'ono. Lero anesi anachita kuitana anzawo kuti adzatione tikuyenda."

"Ndiye mwawauza zosakanizazi?"

"Ayi, mayi. Iwo amangofunsa ngati tikumwa tsiku lililonse. Sanafunsepo kuti tikumwa a ndani."