Tsiku Limene Filipe Anaona Dzuwa

Abale anga mwa Khristu, mtendere ukhale nanu. Ndine mayi wa ku Lifidzi, ndipo ndikulemba izi mtima ukuwawabe, ngakhale Mulungu anandiyankha.

Mwana wanga Filipe anabadwa ndi matenda a magazi amene adotolo amati anemia falsiforme. Kukazizira, mafupa amamuwawa mpaka kukuwa, ndipo chisanu cha kuno mukuchidziwa. Apongozi anga, amene nyumba yawo ili pafupi ndi yathu, anapezerapo mpata. Analamula kuti mwana asamatuluke, azikhala m'chipinda atafunda mabulangete. Koma nkhani sinali chisanu ayi, anali manyazi. Sankafuna kuti anthu aone maso ake achikasu n'kumanena banja lawo. Magazi oipawo ankati ndinabwera nawo ndine, ndipo amuna anga sankanditeteza.

Filipe anakulira mumdima ngati mbatata ya mbewu. Miyendo inayamba kupindika, kenaka analeka kuyenda. Ndinakwiyira onse, ndi Mulungu yemwe. Kutchalitchi ndinasiya, pemphero linatsala limodzi: "Mumubwezere miyendo, apo ayi mundiuze chimene ndinalakwa."

Tsiku lina kunabwera mayi Luziya, oyendera odwala a kumphakati kwathu. Atalowa m'chipindamo anafunsa, "Mwanayu dzuwa analiona liti?" Apongozi anati, "Za pakhomo pano zisiyeni." Mayi Luziya anangomubereka Filipe, ine pambuyo, mpaka kukakwera chapa, minibasi yopita ku Tete.

Ku Tete adotolo atayeza magazi anati vitamina D wachepa kwambiri. Anafotokoza kuti odwala matendawa amasowa kale vitamina ameneyu, kuti thupi limamupanga likawombedwa ndi dzuwa, ndipo akasowa mafupa amafewa. Anatinso matendawa mwana amatengera kwa makolo onse awiri. Zaka zonsezi ankandiloza chala ine ndekha, uku akumufewetsa mwana wanga mafupa!

Matendawa sanathe, sindikunamizani. Koma Filipe akumwa mankhwala a vitaminayo, ndipo m'mawa uliwonse ndimamuveka juzi, kumupatsa madzi, n'kumukhazika pabwalo poyang'ana msewu. Apongozi atati, "Mulowetseni, anthu akuona," ndinayankha kuti, "Aone, ndi mdzukulu wanu."

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wokwiya, ndiponso mayi Luziya amene sanaope nkhope ya munthu. Inu amene muli ndi mwana ngati wangayu, musatope, ndipo musamubise. Lamlungu lapitali Filipe anayenda yekha mpaka kutchalitchi, pang'onopang'ono, ndipo ndinasankha dala njira yodutsa pakhomo pa agogo ake, apongozi anga aja.