Kompyuta imene inafera pamphasa panga

Abusa, akulu ampingo, abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundikhululukire, mtima wanga udakali wotentha.

Mukudziwa nonse kuti chiphwereni nyanja yathu ya Chilwa chaka chija, bambo a kunyumba sanabwererenso m'bwato. Ana akhala akudya ndi zala zangazi, zotayipa pa ofesi ya bungwe ku Zomba. Ndiye a bungwe anandiuza kuti taipi yatha ntchito. Ndikafuna kupitiriza, ndipeze kompyuta yonyamula m'manja, ndizilembera kunyumba, ndiziwapatsa pa disiketi. Ndikalephera, aika wina.

Ndinagulitsa mpunga wonse, abale. Wonse, ndi wambewu womwe.

M'bale wina wa mumpingo muno, sinditchula dzina, anati makinawa amawadziwa, andiperekeza ku Limbe kokagula yogwirapo kale ntchito. M'basi ndinamuuza kuti ine sindikufuna zokongola. Kwathu kulibe magetsi. Ndikufuna yoti ndilembepo, ilandire disiketi, iyake popanda chingwe cha kukhoma. Iye ankangogwedeza mutu.

Tafika m'kasitolo kaja, wogulitsa akundionetsa masewera a makadi pakompyutapo. Makadi, ine mayi wa ana anayi! Ndinapempha kuti azule chingwe ndione ngati iyakebe. M'bale uja anandigwira pamkono, nkunena chapansipansi kuti, "Mayi, musatichititse manyazi ngati muli pa doko pogula matemba." Ndinachita manyazidi. Ndinalipira.

Kufika kunyumba, ana azungulira mphasa, ndayatsa. Sindinamalize ngakhale kulemba dzina langa, chinthu chija chinangoti zii. Batire lake linali lakufa kalekale. Kenako ndinamva kwa anthu kuti wogulitsa uja ndi mlamu wake wa m'bale wathuyu. Mlamu wake, abale! M'bale wathuyu, munthu amene timadyera naye mgonero pagome limodzi.

Ndisaname pamaso pa Mulungu. Kompyuta ija ndinaikulunga m'chitenje, ndinakwera njinga, cholinga changa chinali chokamuphwanyira m'bale uja pamutu ku ntchito kwake. Ndinkapalasa ndikulira, ndikutukwana mumtima mawu amene sindingawabwereze muno.

Pa Songani tayala linaphulika. Pomwe ankamata chubu, ndinakhala pakhonde la bambo wina wachisilamu wokonza mawailesi. Anaona misozi, anafunsa, ndinamufotokozera zonse. Anaitembenuza, nkuwerenga kunsi kwake, nkunena kuti sakulonjeza kanthu koma ayesa. Anakonza kachingwe, analumikiza ku batire la galimoto. Inayaka! Ine ndinangokhala pansi m'fumbi.

Lero ndikulemba. Batire la galimotolo ndimakatchajitsa ku Songani, kulemera kwake ngati thumba la chimanga, koma ntchito ija sanapatse wina ndipo ana akudya. Mulungu anaphulitsa tayala kuti ine ndisakagone kupolisi, ndipo anandithandiza kudzera mwa munthu amene sitipemphera naye, pamene wopemphera naye anandigulitsa.

Kukhululuka sindinafikepo, abusa. Ndikanena kuti ndakhululuka ndiye kuti ndanamiza guwa ili. Mundipempherere.

Koma zikomo Yesu, zikomo! Imirirani mukondwere nane, amayi lululutani. Nanunso m'bale wanga, ndakuonani mwaweramitsa mutu kumbuyoko. Imirirani muombe m'manja, pakuti mutu umenewo ndi Mulungu anaupulumutsa. Ameni.