Malume a Tiya ku Opera

A Rowland Chisale anali malume ake a Tiya, ndipo mlongo wawo Constance ku Zomba anawalumbiritsa chinthu chimodzi: mtsikanayo asayambe za banja digiri isanathe. Loweruka lina masana anakhala ndi akazi awo a Edwina, namwino, m'holo ina ku Leeds kuonera Tiya akuimba m'sewero la nyimbo, opera yoseketsa ya ku Lisbon ya m'ma 1700, ndipo pofika nthawi yopuma bamboyo anali atafa nalo phwete.

"Mwamuona mdala wa wigi uja?" anatero a Rowland. "Akuti akulondera mtsikana, koma mnyamata akabwera ngati mphunzitsi wa nyimbo, amamutsegulira yekha chitseko."

"Ine sindikutolapo kanthu. Chimenechi ndi Chipwitikizi?"

"Chitaliyana. Apwitikizi apamwamba ankasekera m'Chitaliyana."

"Oho. Koma Terence wagwada bwino lero, kuposa Lachiwiri."

Terence ndi amene ankaimba mbali ya mphunzitsiyo, mwana wa Amalawi wobadwira ku Bradford. Kwa miyezi iwiri iye ndi Tiya ankachitira pulakatisi pabalaza pa a Rowland, eni nyumba akuwerenga mbali ya mdala, ndipo ntchitoyo ankainyadira ngati anachita kuwaitana ku Lisbon.

"Ndine ndinamuwongola," anatero akudziloza pachifuwa.

"Ndiye ukwati udzakhala liti?"

"Gawo lachiwiri, chakumapeto." Anagogoda pulogalamu ndi chala.

"Lero lomwe? Ine ndimayesa Ogasiti."

"Ndani angakhale pampando uwu mpaka Ogasiti? Patsala mphindi makumi anayi basi."

"Abusa akudziwa?"

"Kulibe abusa. Amawakwatitsa wantchito wa m'nyumba, atamata ndevu."

A Edwina anagwira pakamwa. "Ndevu zomata? Bambo a Peace, mwana wa mlongo wanu weniweni?"

"Ndi mmene zinkakhalira ku Lisbon. Abwerezanso mawa ndi Lachisanu."

"Akwatiwa katatu?"

"Mayi a Peace, kuno si ku wodi. Si zonse zolemba pa tchati. Ili ndi sewero, mwamva? Se-we-ro."

"Chabwino. Nanga a Kenani anavutikiranji kuchokera ku Salford?"

"A Kenani ati?"

"Malume ake a Terence. A suti yotuwa, anakhala pa sofa Lachiwiri."

"Aja? Si woonerera aja?"

"Woonerera amavula chipewa n'kunena kuti tabwera kudzafunsira mbeta?"

A Rowland anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Anamasulira seweroli m'Chichewa kuti inu mumveko."

"Ndinamvadi. Terence anagwada, Chichewa chake chothyokathyoka chija, thukuta kamukamu."

"Ukatswiri umenewo. Ndinamuphunzitsa kutero."

"Tiya anabisala kukhitchini akulira."

"Mtsikana wa m'seweromu amaliranso."

"Kukhitchini kwanga?"

Apa mantha anawagwira a Rowland, mantha enieni. Anatsegula pulogalamu, naitsekanso.

"Ine... ndinayankha chiyani?"

"Munaimirira, dzanja pamtima. Munati, mtengeni, ndi wanu, kumwamba kuchitire umboni."

"Amenewo ndi mawu a mdala!"

"Anatuluka pakamwa panu. Kenako munati sizinamveke, abwereze mokweza."

"Ndiye?"

"Anabwereza. Munavomeranso, n'kuomba m'manja."

Belu linalira, anthu n'kuyamba kubwerera m'mipando. A Rowland anaona nkhope ya mlongo wawo ili patsogolo pawo, ndipo Constance si munthu woti ungamufotokozere za Lisbon.

"Tamverani," ananong'ona. "Ndikawauza anthuwo kuti panali kusamvana. Koma za ku Zomba, pakamwa potseka. Constance asamve."

"Ndinawaimbira Lachitatu."

"Mwati?"

"Nkhani yabwino sagona nayo."

"Ndatha ine. Anati chiyani?"

"Poyamba anakuwa mpaka foni ndinaichotsa kukhutu. Anati akwera ndege. Ndiye ndinawauza zonse mmene zinayendera, kuti munawabwerezetsa mawu, n'kuvomera kachiwiri."

"Kenako?"

"Kenako anati, achimwene anga sachita zinthu mwaphuma. Ngati avomera kawiri, ndiye kuti mnyamatayo amufufuza mokwanira, ine ndingatsutse ndine yani."

Nyali zinayamba kuzima. A Rowland anakonza tayi, nawongola msana pampando.

"Miyezi iwiri yathunthu ndikumufufuza mnyamata ameneyu," anatero. "Inu mumayesa ndinkachita sewero?"