Lupanga Lotsegulidwa

Ine, Lou Jinshui, wa zaka 64, wokhala mumzinda wa Longquan kuseri kwa msika wa bowa, mphunzitsi wa mbiri yakale wopuma pantchito, ndikunena izi:

Ndabwera ndekha kuno kupolisi, palibe wandiitana. Ndapempha kuti mutumize anthu kwa Xiang Dewang, wokonza magalimoto kutsidya kwa mtsinje, chifukwa kukupita munthu ndi lupanga langa. Mwandiuza kuti apolisi anyamuka kale ndipo ndiyambe poyambira. Ndiye ndiyamba ndi chala chomangidwachi.

Ndimasunga malupanga okhota. Ali pakhoma la pabalaza, pa zokolekera za nsungwi, nsonga zonse zitafulatira khomo kuti asaloze mlendo. Pamwamba pali a tsamba la msondodzi, pakati a nthenga ya tsekwe, pansi a mchira wa ng'ombe, amene ndimaonetsa anthu okonda mafilimu. Ndakhala ndikuuza aliyense kuti onse ndi obuntha, palibe lotsegulidwa. Mlembi wafunsa tanthauzo: lotsegulidwa ndi lonoledwa, loti n'kudula.

Loweruka lapitali ndinatenga limodzi la tsamba la msondodzi kukaonetsa anzanga kunyumba ya tiyi. Ndinaligula kwa banja lina la kumapiri, ndipo ndinali nditangolichotsa dzimbiri. Ndinawauza kuti lupanga lakale n'chimodzimodzi nkhalamba, mano linasiya kalekale. Posonyeza zimenezi ndinayendetsapo chala. Anandisoka kuchipatala. Pofika madzulo msewu wonse unali utamva kuti aphunzitsi a Lou ali ndi lupanga lotsegulidwa, ndiponso kuti amalira ngati mbuzi.

Lero cha m'ma 2 koloko masana kunabwera Ji Genfa. Ndi mnzanga wa pa ubwana, wodula nsungwi. Mwana wake mmodzi yekhayo, Lanfen, anali mkazi wa Xiang Dewang. Lanfen anamwalira mwezi watha atagwa pa masitepe a nyumba yawo, ndipo zinalembedwa kuti ndi ngozi. Chiikireni maliro, Genfa anali asanapondeko kwanga.

Ananyamula thumba lalitali loikamo ndodo za mbedza. Ataliika pansi linapindika pakati. Munalibe kanthu.

Anati, "Aphunzitsi, ndamva kuti mwayamba kuphunzitsa ndi magazi."

Amanditcha aphunzitsi akafuna kundiseka. Ndinati nsomba zikuoneka kuti zamulanda ndi ndodo zomwe. Sanaseke. Ndinafulula tiyi, ndinaika njere za mpendadzuwa pa mbale. Anakhala pa mpando woyang'ana khoma la malupanga, pamene nthawi zonse amakhala pawindo.

Tinakamba za mvula ndi za mtengo wa nsungwi. Kenako anafunsa, "Ndi liti lakulumalo?"

Ndinaloza la mchira wa ng'ombe la pansi penipeni, lobuntha moti silingadule ndi tofu yemwe, chakudya chofewa cha soya chija.

Anati, "Ukamanama khutu lako limafiira. Linkatero tili ana."

Ndinati ndi tiyi wotentha. Ndinathiranso madzi m'ketulo. Iye anayamba kunena za Lanfen. Anati amayi amene anasambitsa thupi anamuuza kuti pakhosi panali zipsera za zala. Ndinati apite nawo amayiwo kwa akuluakulu akanene. Anati anawapempha, koma amayiwo anayankha kuti ali ndi zidzukulu ndipo maso awo saona bwino. Anatinso dzulo anaona Dewang akupaka utoto watsopano pa masitepe aja, akuimba mluzu.

Ndinamuuza za malamulo, za kudandaula kuti mlandu uwunikidwenso, za loya amene ndinamuphunzitsa ali mwana. Ndinalankhula nthawi yaitali. Anadya njere zonse, makoko akuwaika pamzere patebulo.

Tiyi atatha mphamvu ndinakweza kapu yanga osamwa, monga ankachitira akuluakulu akale pouza mlendo kuti njira ikumudikira.

Anati, "Tsitsa kapuyo, Jinshui. Si iwe bwanamkubwa."

Anaimirira n'kupita pakhoma. Anayamba ndi mzere wa pansi. Amatsitsa lupanga, kulisolola pang'ono m'chimake, kukhudza ndi chala, n'kulibweza pamalo pake nsonga itafulatira khomo monga analipezera. Sanathamange. Ndinamuuza kuti thukuta la m'manja limabala dzimbiri. Anapukuta manja m'malaya n'kupitiriza.

Ali pa mzere wapakati ndinatenga foni patebulo. Anabwera, anandilanda, n'kuiponya m'mtsuko wa nsomba zofiira umene uli pakona. Anati pepa, n'kubwerera pakhoma.

Ndinati, "Ngati ndi choncho, kwanu kulibe zikwanje? Ukufuniranji lupanga langa?"

Anati, "Chikwanje ndimadyera. Komanso chimafuna uyandikire. Sindikufuna kumva fungo la Dewang."

Ndinati, "Boma lidzakuwombera, Genfa. Mkazi wako atsala ndi ndani?"

Anati, "Mkazi wanga amayala mbale zitatu madzulo aliwonse. Ukuganiza kuti panopa ali ndi ndani?"

Lupangalo linali lachiwiri kumanzere pa mzere wapamwamba. Atalikhudza linamucheka. Anayamwa chala chake, analibweza m'chimake, n'kulilowetsa m'thumba la mbedza lija. Ndi lalitali ngati mkono wanga ndi theka, chimake chakuda, chogwirira chokulungidwa chingwe chobiriwira.

Ndinaima pakhomo. Mwendo wanga wamanzere ndi wofooka, mwaona mmene ndalowera muno. Genfa wakhala akutsitsa nsungwi m'phiri moyo wake wonse. Anandigwira m'mapewa n'kundisuntha ngati mpando. Sanandimenye. Ndikufuna zimenezi zilembedwe.

Koma sanatuluke. Anakhalanso pansi, thumba lili pamiyendo. Anafunsa ngati ndikukumbukira tsiku limene Lanfen, ali m'kalasi mwanga, anandijambula pabolodi ndili ndi mutu wa kamba. Ndinati ndikukumbukira, ndipo chithunzicho chinandikongoletsa. Apo anaseka pang'ono. Anapempha tiyi wina. Ndinafulula watsopano, pang'onopang'ono, ndikumatsuka makapu oyera kale. Ndinamuuza kuti adye kwanga, ndili ndi nkhumba yophika ndi mphukira za nsungwi. Anati ndiwo zanga zinapha kale galu wa aneba. Tiyiyo anamwa yense.

Itadutsa 4 koloko anaimirira n'kukoleka thumba paphewa.

Ndinati, "Tsono ndipatse khobidi."

Mlembi ndi mwana wa kuno, akudziwa kuti mpeni sapatsana ulere. Wolandira amapereka khobidi kuti ukhale wogula, apo ayi umadula chibale.

Genfa anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa khobidi. Analitembenuza m'manja. Ndinatambasula dzanja. Analibweza m'thumba.

Anati, "Ayi, lidule chibalecho. Ndikudziwa kumene ulowere ndikangotuluka. Ukapite ngati munthu woberedwa, usakapite ngati wopereka mnzake."

Ndinati, "Ndipitadi."

Anati, "Ndi mwendo umenewo? Ukafika basi itanyamuka."

Anavala chipewa chake, anatuluka, n'kutseka chitseko bwinobwino. Ndinasuzumira pawindo. Kwawo ndi kumanja. Iye anakhotera kumanzere, kokwerera basi yowoloka mtsinje.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi.

Wosaina: Lou Jinshui